Tsiku Lobwerera

Kuseri kwa tchalitchi cha pa Kamdidi, m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, kuli kachipinda kamene kale ankasungiramo simenti ndi malata otsala. Zenera lake ndi limodzi, loyang'ana kuchigwa. M'kachipinda kameneka ndi mmene a Lines Nangondo akhala akusungira mabuku, kuyambira ali mayi wa mphamvu zake mpaka pano pamene mutu wayera.

Anabadwira pomwepo, m'banja la alimi a fodya. Kusukulu mutu wawo unkagwira, ndipo atakula anapita kwa asisitere ndi mtima wonse wofuna kudzipereka kwa Mulungu. Chifuwa chinawabweza asanachite malumbiro. Anafika kwa amayi awo ali owonda, akutsokomola, ndi kasutikesi kamene anapita nako. Atachira, amuna angapo anabwera kudzafunsira mbeta, iwo n'kuwabweza mwaulemu, mpaka analeka kubwera. Anthu anayamba kuwatchula kuti asisitere, ena mwaulemu, ena moseka, ndipo iwo ankayankha onsewo ndi mawu amodzimodzi. Makolo anatsogola. Mng'ono wawo yekhayo anatsatira, mwana wake Thandiwe n'kukwatiwa ku Lilongwe. ANangondo anatsala okha pamalo a amayi awo, ndi munda wa chimanga, kandime ka mtedza ndi nkhuku zochepa.

Mabuku anabwera chaka china m'makatoni, kuchokera kwa akhristu a kunja. Bambo mfumu a nthawi imeneyo anayang'anayang'ana munthu wodziwa kuwerenga amene analibe mwana wolira kumbuyo, n'kupereka kiyi kwa aNangondo. Anawapatsanso chidindo cha madeti ndi kabokosi ka inki, ati munthu akabwereka buku azimudindira tsiku loti abwere nalo.

Ntchitoyo anaigwira ngati pemphero. M'mawa kumunda, masana kumabuku. Pakhomo ankaika beseni la madzi kuti wolowa aliyense ayambe wasamba m'manja. Mabuku ong'ambika ankawasoka ndi ulusi wosokera fodya, n'kuwakutira ndi mapepala a shuga. Ndi chiswe ankalimbana nacho chaka ndi chaka, kuthira phulusa m'mphepete mwa khoma. M'kati mwa chikuto cha kumbuyo kwa buku lililonse anamatamo kapepala kodindapo, ndipo pamwamba pa kapepalako analemba ndi dzanja lawo, m'malembo owongoka a kwa asisitere: TSIKU LOBWERERA.

Mphunzitsi wina anawauza kuti akanalemba kuti lobweza, poti wobweza buku ndi munthu.

"Ayi, aphunzitsi," anatero aNangondo. "Buku ndi mlendo. Limapita kukacheza kwa anthu, kenako libwerera kwawo."

Mphunzitsiyo anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Zaka zinapita. Ana amene anaphunzirira kuwerenga m'kachipindako anakula, n'kuyamba kutumiza ana awo. Aliyense pa Kamdidi ankadziwa kulira kwa chidindocho: du pa inki, du pa pepala, kenako mawu ofatsa aja akuti, "Musalinyowetse."

Zinthu zinayambira pamsika. Mnyamata wina wamalonda, Benjamini, anali ndi chisakasa choonetseramo mafilimu, aja omasuliridwa m'Chichewa, amene womasulira amalankhula pamwamba pa azungu n'kumaonjezera zake. Mwezi wina anabweretsa filimu ya nkhalamba yaikazi, yowonda, ya magalasi, imene inkayang'anira nyumba yaikulu ya mabuku. Munthu akabwereka buku nkhalambayo n'kumudindira, filimu isanapite patali munthuyo ankafa. Womasulira ankakuwa nthawi iliyonse: "Wadinda gogo uja! Iwe m'bale wanga, kagule bokosi!" Anthu ankaseka mpaka kugwa pamabenchi. Filimuyo inabwerezedwa kambirimbiri.

Ana asukulu anatola mawuwo. ANangondo akangoti du, kumbuyo kwa mzere kunkamveka kamawu: "Kagule bokosi!" Onse n'kuphulika kuseka. Iwo filimuyo sanaione, koma atamva nkhani yake anaseka nawo. Tsiku lina pogula mchere anaima pachisakasa paja.

"Iwe Benjamini, ndamva kuti wandiika pakanema."

"Ine, asisitere? Ojambula ndi azungu. Koma kufanana kokha, eee! Kungotsala magalasi."

"Ndiye uwauze azunguwo kuti ine ndimadya nkhwani, osati anthu."

"Musadandaule, mwatchuka. Mukulowetsa anthu kuposa mpira."

Mvula itayamba, aAndireya anamwalira. Anali bambo wachikulire, mlimi wakhama, amene ankakonda kubwereka mabuku a za njuchi ndi nthaka. Anagwa m'munda akupalira, osadzukanso. Pamaliro, akatekisiti, aDominiko, analalika monga amalalikira nthawi zonse, kuti dziko lino tili paulendo, ndipo mbale wathuyu wabwerera kwawo kwa Atate. Pochotsa zofunda za malemu, mpongozi wawo anapeza buku kumutu kwa mphasa. Anatsegula kumbuyo. Anawerenga mawu a pamwamba aja, n'kuwerenga deti lomaliza, inki yake ikadali yakuda bii. Linali tsiku lomwelo limene aAndireya anagwa m'munda.

Sanakuwe. Anangopita nalo kumene amayi ankaphika, n'kuonetsa mnzake. Mnzakeyo anaonetsa wina. ANangondo anali pomwepo akutsuka mbale, ndipo anangoona kuti macheza azima. Atadzutsa mutu, maso onse anathawira pansi.

Mwina zikanazirala. Koma chimanga chisanache, Stephano wa kabaza anagwera m'phompho ndi njinga yake yamoto panjira ya ku Ntchisi, msewu uli woterera. Nayenso anali ndi buku kunyumba. Deti lake linali litadutsa kale ndi masiku angapo, ndipo aNangondo atamva zimenezi anati mumtima, tsopano anthu aona kuti palibe mgwirizano. Koma pachigayo nkhani inali ina: ati anamuonjezerako masiku chifukwa ankawanyamula ulere popita ku parishi.

Kuyambira pamenepo mabuku anayamba kubwerera okha. M'mawa ankawapeza pakhomo atapanikizidwa ndi mwala, ena atanyowa ndi mame, ena atathothoredwa kapepala kaja. Lina analipeza mumtsinje litatupa ngati chinkhupule. Ana analeka kukuwa za bokosi, ndipo chete ameneyo anali woopsa kuposa kunyoza kuja. Beseni la pakhomo linkakhala ndi madzi oyera mpaka dzuwa kupendeka.

Kutchalitchi benchi yawo inayamba kutalika. Pa nthawi yopatsana moni wa mtendere, amayi a pafupi ankapezeka kuti akukonza mwana kumsana kapena akufuna tsamba m'buku la nyimbo. Mapemphero a mphakati, amene ankazungulira nyumba ndi nyumba, anadumpha nyumba yawo popanda wonena chifukwa. Pachitsime anthu ankawapatsa mpata kuti atunge msanga. Palibe anawatukwana. Palibe anatchula liwu lija loyamba ndi m. Koma pawailesi, sabata imeneyo, anamva za gogo wina wa boma lina amene anthu anamugenda pobwera kumanda, ndipo anazimitsa wailesiyo nkhani isanathe.

Bambo mfumu amabwera pa Kamdidi mwa apo ndi apo, poti matchalitchi awo ndi ambiri. Atabwera analalika mwamphamvu kuti moyo uli m'manja mwa Mulungu yekha, osati m'chidindo cha labala. Anthu anamvetsera mwaulemu. Potuluka ankanong'onezana kuti nkhaniyi ndi yaikulu ndithu, onani yafika mpaka paguwa.

ADominiko anabwera kukachipindako Misa itatha. Anaima pakhomo, chipewa m'manja, osalowa.

"Asisitere, bwanji mutasiya kaye kudinda?"

"Ndidinde chiyani, akatekisiti? Mukuona munthu muno?"

"Ndikutanthauza kuti chinthucho muchibise. Anthu asamachione patebulopo."

"Inunso mukukhulupirira?"

"Ine? Ayi, ine ayi." Anatembenuza chipewa chija. "Kungoti mayi a kunyumba akufunsa ngati deti la m'buku lija ndinabwereka chaka chatha munalifufuta bwino."

ANangondo anatsegula kabati n'kuikamo chidindocho. Pasanathe sabata anamva kuti ati tsopano akudindira kunyumba, kumene kulibe woona.

Linali Lachitatu masana, kumwamba kutachita mdima wa mvula, pamene anamva mapazi pakhomo. Anali Luckness, mayi wa kumunsi kwa phiri, chitenje chili chopotoka, maso ofiira. Sanasambe m'manja. Anagwada pasimenti, n'kutulutsa buku limene analikulunga m'nsalu. ANangondo analizindikira: linali la nthano za nyama za m'nyanja zikuluzikulu, limene mwana wa Luckness, Mphatso, wa Sitandade sikisi, anabwereka. Mtsikanayo ndi amene anatsala yekha wobwerabe kumabuku anzake onse atasiya, ndipo ankabwera mozemba. Poti chidindo chinali m'kabati, iye ndiye anachonderera kuti amudindire monga kale, ati buku losadinda silikoma.

"Amayi," anatero Luckness, "Mphatso wadwala."

"Mayo! Chavuta n'chiyani?"

"Thupi moto. Kuchipatala chaching'ono ati malungo, atipatsa mankhwala, koma akungosanza. Lero sakundizindikira. Ati tithamange naye ku Madisi."

"Nanga mukudikira chiyani, mwanawe? Dzukani! Itanani njinga!"

Luckness sanadzuke. Anatsegula bukulo kumbuyo n'kulikankhira kutsogolo. Deti linali la Lachisanu, mkuja.

"A kabaza onse akana. Ati mwana wodindidwa sangamunyamule, angakafere naye limodzi panjira ngati Stephano. Mmodzi yekha wavomera, koma ati ayambe waona ndi maso ake kuti tsiku lasunthidwa."

"Luckness, ndinakuphunzitsa katekisimu ine. Iwe ukudziwa kuti ili ndi tsiku lobwezera buku. Buku basi."

"Ndikudziwa, amayi."

"Nanga?"

"Ndikudziwa. Koma sunthani."

ANangondo anayang'ana pazenera. Panjira yotsikira kuchigwa panaima amuna awiri, alongo ake a Luckness, aTomasi ndi mng'ono wawo. Anali ndi makasu paphewa. Munthu wochokera kumunda amayenda ndi khasu, palibe chachilendo. Koma sankayenda. Anangoima, akuyang'ana kuchitseko. Chapatali pang'ono, pansi pa mtengo wa mango, panali njinga yamoto, mwini wake atakhala pachishalo.

ANangondo anachoka pazenera. Anaona njira zonse ziwiri bwinobwino, ngati munthu woima pamwamba pa phiri. Akakana, mwana agona pamphasa mpaka Lachisanu, ndipo malungo otere sadikira. Mwanayo akafa, makasu aja sadzabwerera kumunda. Akavomera, ndiye kuti avomera ndi dzanja lawo bodza limene akhala akulikana, n'kudziika pampando umene si wa munthu. Anakumbukira lamulo loyamba, limene iwo omwe anaphunzitsa ana ambirimbiri pansi pa mtengo womwewo. Anafuna kupemphera, koma mawu amene anabwera anali ochepa: Ambuye, mwanayu.

"Ndikunena pamaso pa Mulungu," anatero aNangondo, "kuti chinthu ichi chilibe mphamvu iliyonse. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Ukawauze alongo akowo."

"Ndikawauza. Dindani."

Anatsegula kabati. Chidindocho chinali chozizira m'manja. Chinali chachiwiri pa ntchito yawo yonse, chimene Thandiwe anawagulira m'tauni choyamba chija chitatha mano. Anazunguliza kalamba ka masiku mpaka kumapeto, ka miyezi mpaka Disembala. Kenako anagwira ka zaka. Anati ngati ndi bodza, likhale bodza lalitali, mwanayu akalambe nalo. Anazunguliza, chaka chino n'kudutsa, chamawa n'kudutsa, china, chinanso. Kenako chala chinakumana ndi labala wosalala wopanda nambala. Anapitiriza, ndipo kalambako kanabwerera ku zaka zimene zinapita kale. Anali asanaganizepo n'kamodzi komwe kuti zaka za m'chidindo zimatha.

Anabwezera pa chaka chomaliza. Inki inali itayamba kuuma, choncho anauzira mpweya. Du. Du.

Luckness anatenga bukulo ndi manja awiri. Milomo yake inkayenda pamene ankawerenga zala.

"2031," anatero. "Amayi, adzakhala asanakwanitse ndi zaka makumi awiri zomwe."

"Chathera pomwepo. Taona wekha, kutsogoloku kulibe kanthu."

"Kulibe kanthu?"

"Ndikunena chidindo, Luckness! Chidindo! Thamanga naye mwana!"

Luckness anatuluka akuthamanga. Pazenera aNangondo anaona aTomasi akulandira bukulo, akuliyang'ana nthawi yaitali, kenako akupita nalo kwa wa njinga uja. Njinga inalira. Mvula inayamba kugwa iwo akadali chiimire, chidindo m'manja, chala chili chakuda ndi inki.

Mphatso anachira. Ku Madisi anamuika madzi ndi mankhwala a m'mitsempha, ndipo sabata yotsatira anabwera akuyenda yekha, wowonda koma akuseka. ANangondo atamva anagwada m'munda momwemo, pakati pa mizere, n'kuthokoza Mulungu ndi misozi. Atadzuka m'pamene anazindikira chimene kuchira kumeneko kwatsimikizira anthu.

M'mawa mwake anapeza nkhuku yomangidwa miyendo pakhonde. Tsiku linalo, mtolo wa nkhuni. Kukachipinda kuja kunayamba kubwera anthu, koma osati odzawerenga. Wina anabwera ndi buku la kuchipatala la amuna ake, wina ndi khadi la ubatizo la mwana, gogo wina ndi kapepala kamene anangotola panjira. Onse ankagwada, onse ndi mawu amodzi: dindani. ANangondo anakana onsewo. Ankafotokoza mpaka mawu kusasa, ndipo anthuwo ankavomera ndi mutu, n'kuchoka ndi nkhope za munthu amene wamanidwa chakudya ndi mbale wake.

Bambo mfumu atabweranso, aNangondo anakalapa. Zimene zinanenedwa mmenemo ndi za iwo ndi Mulungu wawo. Chodziwika n'chakuti potuluka anapereka chidindocho, ndipo bambo mfumu anapita nacho ku parishi m'thumba la mkanjo. Analangizanso kuti apite kaye kwa Thandiwe, mpaka mitima ya anthu itatsika. Thandiwe pafoni anati abwere msanga, malo alipo.

Analongedza kasutikesi, n'kupereka nkhuku kwa aDominiko. Anatseka kachipinda ka mabuku, atathira phulusa latsopano m'mphepete mwa khoma. Pamsika panali njinga zamoto zingapo zikudikira anthu opita ku Dowa, kumene akanakwera minibasi.

"Ku boma, ana anga."

Woyamba anati mafuta amuthera. Wachiwiri anagwada n'kuyamba kuyang'ana tcheni. Wachitatu analiza njinga n'kuchoka wopanda munthu. Benjamini, amene anali atasiya kalekale kuonetsa filimu ija, analowa m'chisakasa chake n'kutseka chitseko.

ANangondo anasenza kasutikesi pamutu, ati ndiyenda wapansi mpaka pamsewu waukulu. Asanafike pamlatho anamva mapazi kumbuyo. Anali aTomasi, opanda khasu, atavala malaya a kutchalitchi.

"Asisitere, katundu wolemera chotere pamutu pa munthu wamkulu? Tulani, ndikunyamulireni."

Anawalandira kasutikesiko mwaulemu wonse, ndi manja awiri, n'kutembenukira kumtunda.

"ATomasi, njira yanga ndi iyi."

"Mukapita kuti, amayi? M'tauni muli magalimoto, muli matenda. Mukakadwala kumeneko adzakusamalani ndani? Kuno ndi kwanu. Ife tilipo."

Ananena zoona: alipo. Chaka chimenecho anawafolerera denga ndi udzu watsopano. Munda wawo umapaliridwa iwo asanadzuke. Akangotsokomola m'tchalitchi, madzulo ake Luckness amafika ndi mandimu ndi uchi. Akatsikira kumtsinje, pamakhala wina wa banja limenelo amene nayenso wapezeka kuti ali ndi zochapa. Benchi yawo ikadali yaitali, ndipo pamaliro aliwonse amakhala kumbuyo, akumva maso a anthu pamsana pawo. Koma palibe angawakhudze, poti onse akudziwa kuti banja la aTomasi likuwasunga, ndipo akudziwa chifukwa chake.

Masana amatsegulabe kachipinda kaja. Amapukuta fumbi, amasoka mabuku amene palibe wawang'amba, amanena kolona. Mphatso amadutsa panjira popita kusukulu, wamtali tsopano, koma amayi ake anamuletsa kuyang'ana kuchitseko.

Tsiku lina aTomasi akukonza mpanda wa kumbuyo kwa nyumba, aNangondo anawapatsa madzi akumwa, n'kuyesanso kamodzi.

"ATomasi, mukudzivutitsa chabe. Chidindo chija kulibe. Chinapita ndi bambo mfumu, ndipo sichidzabweranso."

ATomasi anamwa madziwo mpaka pansi, n'kupukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.

"Zimenezo zisakudetseni nkhawa, amayi. Tinafunsa kale. Ku Lilongwe amagulitsa, za zaka zakutsogolo. Nthawi ikayandikira tidzakagula." Anabweza kapu ndi manja awiri, akumwetulira. "Chofunika ndi dzanja lanuli. Mulisamale."